Mapaipi a mafuta a mumchenga wa ku Canada: vuto lake lagona pati?

Pa 1 May 2024 mafuta anayamba kuyenda m'paipi yatsopano ya Trans Mountain, yochokera ku Edmonton m'chigawo cha Alberta kukafika kugombe la nyanja ya Pacific pafupi ndi mzinda wa Vancouver. Chaka chisanathe, mu February 2025, Donald Trump atangobwerera pampando ananena kuti akufuna paipi ina, ya Keystone XL, yochokera ku Alberta kupita ku America, yomwe ntchito yoimanga inafa mu 2021, iukitsidwe. Nkhani zoterezi zikangotuluka, mkangano wakale umadzukanso: andale, alimi, makampani, asayansi ndi mitundu ya eni nthaka (anthu amene analipo azungu asanafike), aliyense ndi zake. Womvera ali kutali atha kudabwa. America ndi Canada kuli mapaipi a mafuta ambirimbiri omwe palibe amawatchula dzina. Nanga awa analakwanji kuti anthu azimangidwa nawo, makhoti azitanganidwa nawo, mapulezidenti atatu otsatizana aziwasainira ndi kuwafafaniza?

Nkhani yagona pa chimene chimayenda m'kati mwa paipiyo.

Mafuta osapopeka

Mafuta amene anthu ambiri amawadziwa ndi amadzimadzi: mukaboola chitsime, amakwera okha kapena mumawapopa. A ku Alberta sali choncho. Kumpoto kwa chigawochi, pansi pa nkhalango ndi madambo, kuli mchenga wosakanikirana ndi dongo, madzi ndi phula lakuda bii, la mtundu womwe uja amathira pamsewu. Pachingerezi mchengawu amautcha tar sands kapena oil sands, ndipo phulalo amati bitumen. Malo amene uli ndi aakulu pafupifupi masikweya kilomita 142,000, kuposa Malawi yense kuphatikizapo nyanja. Mafuta amene angathe kutengedwamo amawerengedwa kuti ndi migolo yoposa 160 biliyoni, ndiye chifukwa chake Canada amakhala m'gulu la mayiko ochepa okhala ndi nkhokwe zazikulu kwambiri za mafuta, pamodzi ndi Venezuela ndi Saudi Arabia. Mgolo umodzi ndi malita 159.

Phulali likazizira limalimba ngati chiponde chogonera. Kuti lituluke pali njira ziwiri. Pamene mchenga uli pafupi, monga m'mbali mwa mtsinje wa Athabasca kufupi ndi tauni ya Fort McMurray, amadula mitengo, kuumitsa dambo, kuchotsa dothi lapamwamba, n'kukumba mgodi wapoyera. Mchengawo amautsuka ndi madzi otentha mpaka phula litayandama. Pamafunika mchenga wolemera pafupifupi matani awiri kuti papezeke mgolo umodzi wa mafuta. Mgodi woyamba waukulu unatsegulidwa mu 1967, ndipo kampani yake ndi imene lero imatchedwa Suncor.

Koma gawo lalikulu la phulali, pafupifupi 80 peresenti, lili pansi kwambiri moti silingakumbidwe. Pamenepo amaboola zitsime ziwiri zogona, china pamwamba pa chinzake. M'chapamwambacho amalowetsamo nthunzi yotentha usana ndi usiku, phula limasungunuka n'kutsikira m'chapansicho, kenako amalipopa. Nthunziyo amaipanga pootcha gasi wochuluka zedi. Mfundo imeneyi tiisunge: mafutawa amayamba kudya mafuta ena asanachoke n'komwe pansi.

Amalowa bwanji m'paipi

Alberta alibe nyanja yamchere. Mafakitale ambiri otha kuyenga mafuta olemera chonchi ali ku America, m'zigawo zapakati ndiponso kugombe la Texas ndi Louisiana, mtunda wa makilomita masauzande. Popeza phula lokhalokha silingayende m'paipi, amalisungunula polisakaniza ndi mafuta ena opepuka kwambiri, kawirikawiri ochokera m'zitsime za gasi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a msakanizo wonse. Msakanizowu akatswiri amautcha dilbit. Ukakhala m'paipi umayenda ngati mafuta ena olemera. Kusiyana kwake kumaoneka ukatayika.

Zimene zinachitika ku Kalamazoo

Madzulo a pa 25 July 2010, paipi ya kampani ya Enbridge yotchedwa Line 6B inang'ambika pafupi ndi tauni ya Marshall m'chigawo cha Michigan ku America. Mng'aluwo unali wotalika pafupifupi mamita awiri. Mabelu ochenjeza analira m'chipinda choyang'anira paipiyo ku Edmonton, koma ogwira ntchito anaganiza kuti m'paipimo mwangokhala mpata wopanda mafuta, zimene zimachitika nthawi zina. Choncho anayatsanso mapampu kawiri pofuna kudzaza mpatawo. Mafuta ambiri amene anatayika anatuluka pa nthawi ziwiri zimenezi. Panadutsa maola oposa 17 kampaniyo isanadziwe kuti paipi yaphulika, ndipo amene anaona mafutawo n'kunena anali wogwira ntchito kukampani ina ya gasi m'deralo.

Malinga ndi kampaniyo, anatayika malita oposa 3 miliyoni. Analowa m'kamtsinje ka Talmadge Creek, kenako mumtsinje wa Kalamazoo, umene pa nthawiyo unali utasefukira ndi mvula.

Anthu okonza malo otayikira mafuta ali ndi njira yawo yozolowereka. Mafuta amayandama, ndiye amatchinga mtsinje ndi zotchingira zoyandama n'kumawayeula pamwamba. Ku Kalamazoo njirayi inathandiza masiku oyamba okha. Mafuta opepuka aja anasanduka mpweya n'kuuluka, ndipo mumpweyamo munali benzene, mankhwala odziwika kuti amayambitsa khansa. Mabanja a m'mbali mwa mtsinje anauzidwa kuti achoke, ndipo anthu ambiri anadandaula mutu ndi mseru. Chotsala chinali phula lija, lomwe linabwerera m'chikhalidwe chake. Linamatirira ku timchenga ndi zinyalala za m'madzi, linalemera, n'kumira. Kuyambira pamenepo ntchito inasanduka yofunafuna mafuta osaoneka: anthu ankayenda m'maboti akutokosa pansi pa mtsinje ndi mitengo kuti aone ngati pamwamba patuluke madontho a mafuta. Mtsinjewo unatsekedwa pa mtunda woposa makilomita 50 kwa zaka pafupifupi ziwiri. Mu 2013 bungwe la boma loona zachilengedwe, EPA, linalamula kampaniyo kuti ibwererenso ikakumbe matope a pansi pa mtsinje. Ntchito yonse inadya madola a ku America oposa 1 biliyoni.

Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti paipiyo inali ndi dzimbiri ndi timing'alu chifukwa chokutira chake chakunja chinali chitamatuka, ndiponso kuti zizindikiro za vutolo zinaoneka kale mu 2005 koma sanakonze.

Kalamazoo sikuti ndi yokhayi. Mu March 2013 paipi ya ExxonMobil inaphulika m'tauni ya Mayflower ku Arkansas, mafuta olemera a ku Canada n'kuyenderera m'misewu ya pakati pa nyumba za anthu, ndipo mabanja oposa 20 anasamutsidwa. Paipi yoyamba ya Keystone, imene inayamba ntchito mu 2010 ndipo ikugwirabe, inataya mafuta ambiri ku South Dakota mu 2017, ku North Dakota mu 2019, ndi ku Kansas mu December 2022, kumene migolo pafupifupi 13,000 inathera m'kamtsinje ka Mill Creek. Iyi siinali paipi yokalamba, ndipo ndi mfundo imene otsutsa amakonda kuikumbutsa akauzidwa kuti mapaipi amakono ndi osabooka.

Kodi mafutawa amadya paipi?

Apa pali chisokonezo chimene chimabwera kawirikawiri. Kwa zaka zingapo anthu ena ankanena kuti dilbit imadya chitsulo msanga kuposa mafuta ena. Bungwe la akatswiri a sayansi la ku America, National Academies, linaunika nkhaniyi ndipo mu 2013 linati silinapeze umboni woti dilbit imaboola paipi kuposa mafuta ena olemera. Makampani anakondwa nalo lipotilo. Patatha zaka zitatu, mu 2016, bungwe lomwelo linayankha funso lina, lakuti chimachitika n'chiyani ikatayika. Linapeza kuti m'masiku ochepa chabe dilbit imasintha, imamata kwambiri, imatha kumira m'madzi, ndipo malamulo ndi mapulani okonzera malo amene analipo sanali okonzekera zimenezo. Malipoti awiriwa sakutsutsana. Lina likunena za mwayi woti ngozi ichitike, lina za kukula kwa ngoziyo ikachitika. Mbali iliyonse ya mkanganowu imakonda kunyamula limodzi n'kuiwala linalo.

Ndiye chifukwa chake njira imene paipi yadutsa imakhala nkhani yaikulu. Keystone XL, yomwe inkayenera kuyenda makilomita pafupifupi 1,900 kuchokera ku Hardisty ku Alberta kukafika ku Steele City ku Nebraska, poyamba inalembedwa kuti idutse m'mapiri a mchenga otchedwa Sandhills. Pansi pake pali madzi a Ogallala, nkhokwe ya madzi apansi imene yafalikira m'zigawo zisanu ndi zitatu ndipo ulimi wothirira wa kumeneko umadalira iyo. Amene anayamba kukana kumeneko anali alimi ndi oweta ng'ombe, anthu amene pa zandale ambiri sagwirizana n'komwe ndi omenyera zachilengedwe. Njirayo inasinthidwa, koma kukayikira sikunathe. Ku Minnesota, paipi ya Line 3 ya Enbridge, imene inayamba ntchito mu October 2021, inadutsa m'dera la nyanja ndi madambo kumene anthu a mtundu wa Ojibwe amakolola mpunga wakuthengo, chakudya chimene amachilemekeza ndipo ufulu wochikolola unalembedwa m'mapangano awo akale ndi boma. Anthu mazanamazana anamangidwa pa zionetsero. Pomanga paipiyo, mafuta asanalowemo n'komwe, omanga anaboola madzi apansi pafupi ndi Clearbrook ndipo boma la chigawocho linalipiritsa kampaniyo.

Makampani nawo ali ndi yankho lomwe si lopepuka. Amati mukakana paipi, mafutawo adzayenda pa sitima yapamtunda, yomwe imachita ngozi pafupipafupi ndipo imadutsa pakati pa matauni. Amakumbutsa za Lac-Mégantic ku Quebec, kumene mu July 2013 sitima yonyamula mafuta inagubuduka n'kupha anthu 47. Mafuta a m'sitima imeneyo anali opepuka, ochokera ku North Dakota, osati a mumchenga, koma mfundo yawo imakhalabe: palibe njira yonyamulira mafuta yopanda ngozi.

Kumutu ndi kumchira kwa paipi

Paipi ili ndi kumene imayambira. Madzi otsukira mchenga aja sabwezedwa mumtsinje. Amasungidwa m'madamu akuluakulu odzaza matope, phula lotsalira ndi mankhwala oopsa kwa nsomba ndi zamoyo zina. Zonse pamodzi zaposa malita 1 thililiyoni, ndipo matopewo amatenga zaka zambirimbiri kuti adikhe. Mu 2008 abakha akuthengo oposa 1,600 anatera pa damu la kampani ya Syncrude n'kufera pomwepo, ndipo kampaniyo inalipira madola a ku Canada 3 miliyoni. Mu 2022 madzi oipa anayamba kuchucha pa mgodi wa Kearl wa kampani ya Imperial Oil, koma anthu a mitundu ya Athabasca Chipewyan ndi Mikisew Cree, omwe amakhala kumunsi kwa mtsinje ndipo amadya nyama ndi nsomba za m'deralo, sanauzidwe bwinobwino kwa miyezi pafupifupi 9. Anadziwa kukula kwa nkhaniyo kumayambiriro kwa 2023, malita ena oposa 5 miliyoni atasefukira. Anthu a ku Fort Chipewyan, mudzi umene ambiri a mitundu imeneyi amakhala, akhala akudandaula kwa zaka zambiri za matenda a khansa m'mudzi mwawo ndi kupempha kafukufuku wozama.

Ilinso ndi kumene imathera. Trans Mountain yatsopano inakweza mafuta oyenda tsiku lililonse kuchoka pa migolo 300,000 kufika pa 890,000, ndipo sitima zapamadzi zokanyamula pa doko la ku Burnaby, pafupi ndi Vancouver, zinayembekezeka kuchoka pa zisanu kufika pa 34 pamwezi. M'madzi amenewo mumakhala gulu la anamgumi a mtundu wa orca lomwe latsala ndi osakwana 80, ndipo phokoso la sitima limawasokoneza posaka nsomba. Mu August 2018 khoti la apilo la Canada linafafaniza chilolezo cha ntchitoyi pa zifukwa ziwiri: boma silinakambirane mokwanira ndi eni nthaka monga a Tsleil-Waututh, komanso silinaunike za sitimazo. Boma linakonza zimenezo n'kuvomerezanso pa 18 June 2019, tsiku limodzi chabe Nyumba ya Malamulo itavomereza kuti dzikolo lili pa ngozi ya kusintha kwa nyengo. Ambiri sanalephere kuona kusemphanako.

Paipi ikamayenda bwinobwino

Zonse tanenazi ndi za tsiku limene zinthu zalakwika. Chiopsezo chachiwiri n'chachilendo chifukwa chimabwera pamene paipi ikugwira ntchito yake mosalakwitsa: mafuta afika, ayengedwa, aotchedwa m'magalimoto ndi ndege, mpweya wa kaboni wakwera kumwamba n'kumasunga kutentha.

Lita imodzi ya petulo ikamayaka mu injini imatulutsa mpweya wofanana, kaya inachokera ku Alberta kaya ku Saudi Arabia. Ndipo gawo lalikulu la mpweya wonse wa mgolo, pakati pa 70 ndi 80 peresenti, limatuluka pa kuyakako. Kusiyana kuli kumbuyo, pa gasi wootchedwa popanga nthunzi, pa makina a mumgodi, ndi pa ntchito yowonjezera yosandutsa phula kukhala petulo ndi dizilo. Unduna woona zakunja wa America, mu lipoti lake la 2014 lokhudza Keystone XL, unati tikawerenga ulendo wonse kuyambira pansi pa nthaka mpaka mu injini, mafutawa amatulutsa mpweya wochuluka ndi pafupifupi 17 peresenti kuposa mafuta wamba oyengedwa ku America. Akafukufuku ena amapeza zochepa, ena zochuluka, malinga ndi mgodi umene ayeza ndi mafuta amene ayerekezera nawo. Makampani amati achepetsa mpweya wa pa mgolo uliwonse m'zaka zapitazi, ndipo ndi zoona. Koma migolo yachuluka kwambiri, tsopano yaposa 3 miliyoni patsiku, moti mpweya wonse wa migodiyi wakwera mpaka kupitirira matani 80 miliyoni pachaka. Ntchito za mafuta ndi gasi ndi zimene zimatulutsa mpweya wambiri m'Canada kuposa ntchito ina iliyonse.

Chiyembekezo cha makampaniwa chili pa makina okola mpweya wa kaboni n'kuukwirira pansi pa nthaka. Makina otere, otchedwa Quest, akugwira ntchito pafupi ndi Edmonton kuyambira 2015 ndipo amakola pafupifupi matani 1 miliyoni pachaka. Ngakhale atachuluka, amangokhudza mpweya wa kufakitale. Wa mu injini ya galimoto saufikira.

Funso limene mkangano wonse watsamirapo

Kodi paipi imachititsa kuti mafuta ambiri akumbidwe, kapena imangonyamula amene akanakumbidwa kale? Amene wamvetsa funso ili wamvetsa chifukwa chimene anthu anzeru ndi oona mtima amasiyana pa nkhaniyi.

Lipoti la 2014 lija linati mafuta a m'paipi ya Keystone XL, migolo 830,000 patsiku, akanatulutsa matani a mpweya pakati pa 147 ndi 168 miliyoni pachaka, kuwerenga ulendo wonse. Poyerekeza, mpweya umene Malawi yense amatulutsa pootcha petulo, dizilo ndi malasha uli m'dera la matani 2 miliyoni pachaka. Koma lipoti lomwelo linati n'zokayikitsa kuti paipi imodzi ingasinthe kwambiri kuchuluka kwa mafuta okumbidwa, chifukwa akanapeza njira ina, kapena ogula akanangogula mafuta olemera a ku Venezuela ndi Mexico. Malinga ndi maganizo amenewa, vuto ndi njala ya dziko lapansi ya mafuta, ndipo kutseka paipi sikuchepetsa njalayo.

Otsutsa amaloza zimene zinachitika mu 2018. Mapaipi atadzaza, mafuta a ku Alberta anasowa potulukira ndipo mtengo wake unagwa mpaka kutsalira ndi madola oposa 40 pa mgolo poyerekeza ndi a ku America. Boma la Alberta linalamula makampani kuchepetsa kukumba kuyambira January 2019. Kwa iwo uwu ndi umboni woti paipi ndiyo imatsegula kapena kutseka chitseko. Amawonjezera kuti paipi imamangidwa kuti igwire ntchito zaka 40 kapena kuposa. Trans Mountain yoyamba ndi ya 1953 ndipo ikupopabe. Amene wathira ndalama zochuluka chonchi amafunitsitsa kuti mafuta ayendebe mpaka ndalamazo zitabwerera, pomwe pangano la ku Paris la 2015 likufuna kuti kutentha kwa dziko kusakwere mpaka madigiri 2 poyerekeza ndi nthawi mafakitale asanachuluke, ndipo ngati n'kotheka kukwerako kusapitirire madigiri 1.5, ndipo bungwe loona za mphamvu la International Energy Agency linati mu 2021 kuti panjira yofikira cholinga chimenecho sipafunikanso kutsegula migodi yatsopano ya mafuta.

Barack Obama anakana Keystone XL mu November 2015. Trump anaivomereza mu 2017. Joe Biden anafafaniza chilolezocho tsiku lake loyamba muofesi, pa 20 January 2021, ndipo mu June chaka chomwecho kampani ya TC Energy, mwini wake wa paipiyo, inasiya ntchitoyo. Boma la Alberta linataya ndalama za msonkho zoposa madola a ku Canada 1 biliyoni zimene linaikamo. Ngakhale zinali choncho, mafuta okumbidwa ku Alberta anapitirira kuchuluka, chifukwa Line 3 ndi Trans Mountain zinatsegula njira. Mbali zonse ziwiri zimatenga mfundo imeneyi ngati umboni wawo.

Ntchito ndi ndalama nazo zili m'kati. Mafutawa amalipira sukulu ndi zipatala za ku Alberta ndipo amalemba anthu masauzande ambiri. Pa Keystone XL, chiwerengero chimene chinkatchulidwa kwambiri chinali ntchito 42,000, koma chinali cha nthawi yomanga, kuphatikizapo ogulitsa zakudya ndi zipangizo. Zokhalitsa zoyendetsa paipiyo zinali pafupifupi 50. Eni nthaka nawonso sali mbali imodzi. Ena anapita kukhoti, ena anasaina mapangano ndi makampani, ndipo magulu ena akufuna kugula gawo la Trans Mountain, akunena kuti ndi bwino kukhala mwini wake n'kumayang'anira wekha kusiyana n'kumangoonerera ikudutsa pakhomo.

Mafuta otayika amavulaza okhawo okhala m'mbali mwa mtsinjewo, koma mpweya sufunsa malire a dziko. Fort McMurray yeniyeniyo inapsa ndi moto wolusa wa m'nkhalango mu May 2016, anthu oposa 80,000 anathawa ndipo nyumba pafupifupi 2,400 zinapsa. Kuno kwathu namondwe Freddy wa mu March 2023 anasiya anthu oposa 1,000 atamwalira kapena kusowa, makamaka ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Palibe wasayansi amene angaloze paipi imodzi n'kunena kuti ndiyo inadzetsa moto uja kapena mvula ija. Chimene amanena n'chakuti dziko likamatentha, nkhalango za kumpoto zimauma msanga ndipo anamondwe amanyamula madzi ambiri, ndiponso kuti tani iliyonse ya mpweya imawonjezera pa kutenthako, kulikonse kumene yatulukira.

Trans Mountain lero ndi ya boma la Canada, lomwe linaigula kwa kampani ya Kinder Morgan mu 2018 pa madola a ku Canada 4.5 biliyoni, kampaniyo itatopa ndi milandu ndi zionetsero. Ntchito yoikulitsa, imene mu 2017 inkayerekezedwa kuti idya 7.4 biliyoni, inamalizidwa itadya pafupifupi 34 biliyoni. Bomalo lakhala likunena kuti silikufuna kukhala nayo mpaka kalekale ndipo lidzaigulitsa. Mtengo umene wogula adzavomere udzadalira zaka zimene iye akukhulupirira kuti dziko lapansi lidzagulabe mafuta amenewa.